Chipembere Chovala Zitsulo

Mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka ndiye anayambitsa nkhaniyi. Tsiku lina Upile atapita kukatenga Ida, mayiyo anamuitanira pambali akumwetulira, kumwetulira kwa anthu a kuno komwe sudziwa ngati kukubweretsa zabwino kapena zoipa.

"Ida ndi mwana wabwino," anatero mphunzitsiyo, "koma sayankhula nafe. Tikamuitana amayang'ana pansi. Tikufuna wina wodziwa za ana amuone."

Upile anangoti zikomo. M'basi yobwerera kunyumba anakhala akuyang'anitsitsa pakamwa pa mwana wake wa zaka zinayiyo. Pakamwapo sipankatseka. Ida ankafunsa chifukwa chake agologolo a m'tauni yawo ya South Bend ali onenepa, ankafunsa ngati basi imagona, zonsezo m'Chingerezi chothamanga chomwe mayi ake nthawi zina ankalephera kuchitsatira. Chichewa ankachimva bwinobwino, koma poyankha ankabwerera ku Chingerezi komweko.

Tsiku lokamuyesa litafika, Upile anamuveka diresi ya kutchalitchi, namuluka tsitsi, kenako n'kumugwira mapewa.

"Tamvera iwe. Ukafika kwa akuluakulu aja usakawayang'ane m'maso ngati mwana wopanda mwambo. Maso pansi. Akakupatsa kanthu, manja awiri. Ndipo usakalongolole za kunyumba. Wamva?"

Ida anagwedeza mutu. Mawuwo ankawadziwa, chifukwa ankawamva m'mawa uliwonse pakhomo pa sukulu. Upile analeredwa choncho kwawo ku Ntaja, komwe mwana wodzutsa maso pamaso pa wamkulu ankaonana ndi khofi. Komanso amayi a kutchalitchi anamuchenjeza atangofika kumene kuti ana a kuno amaulula chilichonse kwa aphunzitsi, mawa lake n'kungoona anthu a boma akugogoda. Chimvereni zimenezo, Upile ankati akamva kugogoda ankayamba wasuzumira pakatani.

Ida anamvera amayi ake mpaka kumapeto. Mayi womuyesayo anamupatsa zidole, iye n'kulandira ndi manja awiri, maso ali pakapeti. Anamufunsa dzina, iye n'kunong'ona. Potsiriza mayiyo ananena mofatsa kuti mwana wothawa maso a anthu chotere mwina ali ndi vuto la kakulidwe ka ubongo, ndipo ndi bwino akaonedwe ndi madokotala a ana ku Indianapolis.

Nkhani siinachedwe kufika ku Ntaja. Amalume ake a Upile, eni mbumba, anatumiza mawu pa foni, ndipo Upile anawamvetsera ali chiimire m'khitchini.

"Mwanayo akusowa anzake. Mumamutsekera m'nyumba ngati nkhuku yachizungu. Madokotalawo akakati pali vuto, mumupereke kwa alamu anu a Joan abwere naye pa Khirisimasi. Akhale kuno zaka zingapo, azithamanga ndi anzake pabwalo, lilime lidzamasuka lokha."

Upile anayembekezera kuti mwamuna wake akana. Koma Lyson, yemwe ankasamalira okalamba kwinaku akuphunzira, anali atatopa mpaka m'mafupa. Anavula nsapato, n'kupukusa mutu.

"Mwina akunena zoona, amake Ida. Ife tikulephera pati, sindikudziwa."

Kuyambira pamenepo Upile ankati akamasambitsa mwanayo, manja ankachedwa pamsana pake. Ankamununkhiza m'mutu popanda chifukwa.

Ida sankadziwa kanthu. Iye nkhani yake inali chipembere. Lyson anatola buku lina pathebulo la mabuku otayidwa ku laibulale ya m'tauni, kuti aziikapo kompyuta yake isamatenthe. Linali buku lolemera, lothothoka chikuto, lonunkha nkhungu, ndipo munali nkhani zimene azungu akalekale oyenda m'maiko otentha analemba za nyama zomwe anakumana nazo. Ida analisolola, n'kupeza tsamba limodzi, basi osasunthanso. Patsambapo panali chipembere chojambulidwa ndi inki yakuda, thupi lonse litakutidwa ndi zitsulo zolumikizalumikiza ngati msilikali wakale, miyendo ili ndi mamba ngati a chambo, ndipo paphewa pali kanyanga kena kopotana.

Masana aliwonse Upile ankamuwerengera tsambalo, akupunthwa pa Chingerezi chachikalecho. Mlendo wina analemba kuti chipembere chimanola nyanga pamwala chisanakamenyane ndi njovu. Wina anati lilime lake ndi laminga, chikanyambita munthu pamatsala mafupa okhaokha. Wina anati chikaona moto kutchire chimathamangira kukaupondaponda. Onse anagwirizana kuti ndi chilombo chopusa, chokhala chokwiya nthawi zonse.

"Mami, inu munachionapo?" Ida ankafunsa.

Upile sanachionepo. Sekondale anaphunzira ku Liwonde, ndipo ankaona magalimoto a alendo akulowera kunkhalango yosungira nyama, koma iye sanalowemo. Ndiye ankangoti, "Poti alemba m'buku, ndi momwemo."

A Joan, mlongo wake wamkulu wa Lyson, anali namwino ndipo ankakhala ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis. Popeza Lyson anali pa shifiti, iwo ndiwo anadraiva kudzatenga Upile ndi mwana kutatsala tsiku limodzi kuti akaonane ndi madokotala. Anali mayi wathupi, wa mawu aakulu, woyendetsa galimoto ngati wathawa ndi mkazi wa mwini. Njira yonse, pakati pa minda ya chimanga chokololedwa kale, Upile anagwiritsa lamba, maso ali pagalasi loonera kumbuyo komwe Ida anakumbatira buku lake.

M'mawa mwake Upile anakhala pabalaza la alamu ake, Ida ali pakati pa miyendo, akumukonza tsitsi. Atamaliza anamutembenuza n'kumugwira mapewa.

"Lero ndiye usakandichititse manyazi. Maso pansi. Manja awiri. Osalongolola."

A Joan anali pakhomo la khitchini ndi kapu ya tiyi. Kapuyo inaima m'malere.

"Tabwerezani, amake Ida."

"Chiyani, alamu?"

"Zimene mwamuuza mwanayu."

Upile anabwereza, ndipo pobwerezapo anamva kunyadira pang'ono.

"Mwayamba liti kumuuza zimenezi?"

"Chiyambireni sukulu. Sindifuna azinena kuti ana a Amalawi ndi amwano."

"Ndi kwa mayi womuyesa uja munamuuzanso?"

"Kumene kuja ndiye ndinachita kutsindika."

A Joan anaika kapu pansi. Anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, mpaka kukhala pampando n'kudzigwira pamtima.

"Mayo ine! Mlamu wanga, mwana mwamutseka pakamwa nokha, kenako mwayenda naye mtunda wonsewu kudzafunsa azungu chimene chamutseka!"

Nkhope ya Upile inatentha. "Ndiye ndimulere ngati mbuzi? Azitong'olera maso akuluakulu?"

"Kuno mwana woyang'ana pansi amati akudwala, apo ayi akumenyedwa kunyumba. Ine nditangofika kumene, bwana wanga kuchipatala ankandikayikira kuti ndikubisa kanthu, poti ndinkamuyankha ndikuyang'ana nsapato zake. Ndinkati ndikumupatsa ulemu, iye akuti ndine tambwali."

"Koma mayi uja ndi wophunzira, alamu. Sangalakwitse chinthu chotere. Nanga ngati vutolo lilipodi?"

Apa a Joan anasiya kuseka. "Mwinadi lilipo. Ine si dokotala wa ana. Koma akaone Ida weniweni, osati chidole chimene mwaumba inuchi." Anayang'ana mwanayo, yemwe anali atagona chafufumimba pakapeti, mphuno ili patsamba lake. "Iwe, chimenecho n'chiyani?"

"Chipembere," anatero Ida. Ndi mawu okhawo a Chichewa amene ankawatchula mosakakamizidwa.

"Chipembere cha kuti chovala malata? Dzukani nonse. Kuchipatala n'kwa masana. Tiyeni tikaone mwini wake."

Upile anakana. Kunja kunkazizira, mwana akanadetsa diresi, akanachedwa pamsewu. A Joan anali atatenga kale makiyi.

Kumalo kosungira nyama kunali anthu ochepa, mphepo ikuuluza masamba ofiira. Anadutsa nyama zina mosaima, Upile atagwira dzanja la Ida mwamphamvu moti mwanayo anadandaula. Kenako anafika pampanda wina, ndipo kutsidya kwake kunali mwala waukulu wotuwa uli m'matope. Mwalawo unagwedeza khutu.

Upile anabwerera m'mbuyo. Sunali mwala, chinali chipembere. China chinali chiimire chapatali, mutu uli pansi, chikudya udzu wouma ndi mlomo wake wotambalala. Khungu linali lamakwinya, lopakika dothi, lolendewera m'khosi ngati bulangete lakale. Kambalame kanatera pamsana pake, icho osasamala. Upile anaganiza za zaka zonse zimene anakhala pafupi ndi nyama imeneyi kwawo, n'kudzaionera kuno, atavala majuzi awiri.

Ida anatsegula buku pampandapo. Anayang'ana tsamba, n'kuyang'ana nyama, n'kubwereranso patsamba.

Bambo wina wachikulire wovala jekete ya ogwira ntchito pamalopo anayandikira. "Buku lokongola," anatero. "Muli chiyani m'menemo?"

Ida anagwetsa maso pansi monga mwa masiku onse. Koma chinthucho chinamukulira. Anadzutsa mutu, n'kukoka mkono wa jekete ya bamboyo, maso ali gaa pankhope pake.

"Zitsulo zake zili kuti? Ndani wachivula? Nanga kanyanga ka paphewa mwakadula?"

Zala za Upile zinanyamuka zokha kupita kuseri kwa mkono wa mwanayo, pamalo pomwe ankatsinapo. Zisanafike, dzanja la a Joan linamugwira pamkono.

"Musiyeni," anatero chapansipansi.

Bamboyo anawerama, n'kuvala magalasi, n'kuyang'ana chithunzicho. Anati zithunzi zotere zinajambulidwa ndi anthu amene sanaonepo chipembere ndi maso awo. Wapanyanja ankauza wamalonda, wamalonda n'kuuza wojambula kuti khungu lake ndi lolimba ngati chovala cha nkhondo, wojambula n'kuikadi zitsulo. Ena pambuyo pake ankangokopera chithunzi chomwecho.

"Nanga amene anachiona?" Ida anafunsa. "Akuti chimakwiya nthawi zonse."

"Amenewo ankabwera ndi mfuti ndi agalu ndi phokoso. Ankaona nyama yochita mantha, ndiye n'kulemba kuti ndi mmene ilili."

"Lilime lake lili ndi minga?"

"Ine chiyambireni ntchito kuno sichinandinyambitepo, ndiye sindinganame. Koma chimakonda kukandidwa kuseri kwa khutu."

Ida anaseka mokweza, mutu uli m'mwamba. Upile anali asanamuonepo akuseka ndi munthu wachilendo. Anaima pomwepo, mkono wake ukadali m'dzanja la alamu ake, mawu a bamboyo akuzungulira m'mutu mwake. Chipembere cha m'matope chija chinadzuka pang'onopang'ono, n'kutulutsa kamawu kakang'ono kolira ngati ka mwana wa galu. Chinyama chonse chija, kamawu kake n'kameneko.

Kuchipatala cha ana a Joan anatsala pamalo odikirira. "Lowani nokha. Mwana ndi wanu." Diresi ya Ida inali ndi dontho la matope pamphepete, ndipo Upile analiona, koma analisiya.

Dokotala anali mayi wa imvi wovala nsapato zothamangira. Sanakhale pampando. Anakhala pansi pakapeti, n'kutulutsa mabuloko oseweretsa ana amitundumitundu.

"Moni, Ida. Tisewere?"

Chitseko chotseka, fungo la mankhwala, munthu wamkulu wachilendo: Ida anadziwa zoyenera kuchita. Anapinda manja, n'kuyang'ana pansi. Dokotala anamupatsa buloko, iye n'kulandira ndi manja awiri. Anamufunsa mtundu wake, iye n'kugwedeza milomo popanda mawu. Dokotala anatenga cholembera.

Upile anaona cholemberacho chikuyenda, ndipo m'maganizo mwake anaona bwalo la ndege, a Joan atanyamula chikwama chaching'ono chapinki cha Ida.

"Pepani, adokotala," anatero. Anafotokoza m'Chingerezi chake cha kusekondale kuti kwawo mwana sayang'ana wamkulu m'maso, kuti ndi ulemu, kuti iye ndiye wakhala akumuuza zimenezi tsiku ndi tsiku. Dokotala anaika cholembera pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto, osamudula.

Kenako Upile anatsika pampando, n'kukhala pakapeti pafupi ndi mwana wake.

"Ida, ayang'ane adokotala. Kumaso. Yankhula nawo."

Ida anamuyang'ana chammbali, mokayikira.

"Mukandikalipira m'galimoto?"

"Ayi."

"Ngakhale ndilongolole?"

"Ngakhale ulongolole."

Mwanayo sanakhulupirire. Ankangokanda buloko ndi chikhadabo. Upile anatsegula chikwama, n'kutulutsa bukulo, n'kuliika pakati pawo. Linatseguka lokha patsamba lozolowera.

Dokotala anasendera. "Ha! Nyama imeneyi ili ndi jekete yachitsulo yokongola. Ndiye zipembere zimavala chonchi eti?"

Ida anapuma mwamphamvu. Anayang'ana amayi ake kachiwiri. Upile anagwedeza mutu.

"Ayi! Mwalakwitsa!" Chala chinagwa patsamba, maso ali pankhope ya dokotala. "Amene anajambulayu sanachione. Ine ndachiona lero. Chili ndi khungu basi, ndi matope, ndipo kanyanga aka n'kabodza. Ndipo chimalira chonchi." Anatulutsa kamawu kaja, dokotala n'kuseka.

Mawu akuti mwalakwitsa, kwa munthu wa imvi, anamulasa Upile ngati minga. Anakanikiza manja ake pansi pa ntchafu n'kuwakhalira.

Kuyesako kunatenga nthawi. Ida anamanga khola la chipembere ndi mabuloko, anapatsa dokotala buloko lotuwa kuti akhale mwana wa chipembere, anamudzudzula kuti akuyenda molakwika. Dokotala ankafunsa, kulemba, kufunsanso. Pamapeto anatembenukira kwa Upile.

Anati sangamalize kumudziwa mwana tsiku limodzi, ndipo adzafuna kumuonanso nyengo yozizira ikatha. Pali malembo ena amene Ida amameza potchula, ndipo mphunzitsi wa katchulidwe adzamuthandiza kusukulu komweko. Koma vuto limene ankaliopa lija iye sanalione.

Apa Upile anaulula za amalume aja. "Kwathu akuti ndimutumize ku Malawi. Akakhale kumeneko kuti aphunzire kuyankhula."

"Popanda inu?"

"Popanda ine."

Dokotala anapukusa mutu. "Mwana uyu sachita kanthu asanayang'ane nkhope yanu. Mwaona nokha. Mukamuchotsa pa inu, pamenepo ndiye angatseke pakamwa zenizeni. Ulemu wa kwanu musamuchotsere, ndi chiyankhulo chanu chomwe. Mungomuuza kuti kusukulu ndi kuno akhoza kudzutsa maso."

Upile sanadziwe mmene anatulukira m'chipindamo. A Joan anaimirira atangowaona, n'kuyang'ana nkhope ya mlamu wawo. Ali m'chikepe Upile anaimbira Lyson. Anayamba bwino kufotokoza, koma atafika pa mawu akuti Ida sapita ku Malawi, anayamba kulira. Kumbali inayo anamva mwamuna wake akufwenthera.

"Amalume ndiwauza ndekha," anatero Upile atapeza mpweya. "Madzulo ano."

"Muwauza inu?" Lyson anadabwa.

"Ine ndemwe."

Pamalo oimika magalimoto simenti inali yonyowa. A Joan anamangirira Ida pampando wake m'galimoto, n'kutseka chitseko, ndipo potembenuka anapeza Upile atagwada pansi, akuomba m'manja mwakachetechete.

"Alamu, zikomo. Mulungu akudalitseni. Pakanapanda inu..."

"Iii, amake Ida! Dzukani msanga, azungu aziti ndakugundani ndi galimoto!"

"Ndisiyeni ndithokoze."

"Mwathokoza, ndamva. Dzukani, pali kamera apa."

Upile sanadzuke. Ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo bambo wina wodutsa ndi kapu ya khofi anachepetsa liwiro, n'kufunsa ngati zonse zili bwino.

"Zili bwino, bambo, ndi zapachibale," a Joan anamuyankha m'Chingerezi. Kenako anawerama movutikira, akudandaula za msana, n'kumugwira mlamu wawo m'khwapa. Pomudzutsapo anamukumbatira kanthawi, chibwano chili pamutu pake.

"Taonani mawondo, anyowa ngati mwagwa m'dambo," anatero akumusansa siketi. "Ngati mukufunadi kuthokoza, kunyumba kuli mbale za dzulo. Lowani tizipita."